Makina amphamvu sangaione Chilwa popanda woyeza madzi

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amene amalowa kudzera m'mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, amakhala momwemo mpaka dzuwa ndi mphepo zitawamaliza. Ndipo poti nyanjayi ndi yosaya, moti m'malo ambiri nsungwi yokankhira bwato imagunda pansi, zaka ziwiri kapena zitatu za mvula yoperewera n'zokwanira kuti pamene padali madzi pasanduke dothi long'ambikang'ambika. Zidatero mu 1968, zidateronso mu 1995 ndi mu 2018, ndipo mu 2012 madzi adathawa kutali ndi madoko.

Nyanjayi ikaphwa maliro amafika patali. Msodzi wa pa Swang'oma amene adakongola ndalama n'kugula ukonde amatsala ndi ngongole komanso bwato lokhala pamtunda. Mayi wogulitsa matemba, makumba ndi milamba pa Migowi, pa Chiringa kapena pa Chitekesa amasowa choika pathandala. Wakabaza amasowa katundu, mwini golosale amasowa ogula, ndipo mwana wa kusekondale amabwezedwa chifukwa cha fizi. Anthu pafupifupi 1.5 miliyoni a m'maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga amakhala m'chigwa cha nyanjayi, ndipo ngakhale pamsika wa Limbe mtengo wa ndiwo umasonyeza kuti ku Chilwa zinthu sizili bwino.

Anthu omwewa amadziwanso mavuto a madzi ochuluka. M'mwezi wa March 1991 madzi, miyala ndi matope zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ngozi imene akuluakulu a ku Phalombe amaikumbukirabe ndi dzina lakuti napolo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy, amene adatha masiku 36 akuzungulira panyanja yamchere ya India, adagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha ku Nkhulambe, m'boma lomweli. Midzi idakokoloka, milatho idaduka, ndipo Chilwa yemwe adali wouma zaka zisanu m'mbuyomo adadzaza mpaka kulowa m'minda ndi m'nyumba za anthu.

Kaya ndi chilala, kaya ndi chigumula, funso limene limatsala pakamwa pa anthu ndi limodzi: kodi sizikadatheka kudziwiratu? Funsoli likugwirizana ndi nkhani imene ikumveka ngati ya kutali kwambiri ndi Chilwa, nkhani ya makompyuta amphamvu amene maiko olemera akupikisana kupanga pofuna kuyendetsa nzeru za makina, zomwe ambiri akungozitchula kuti AI. Makinawa ayamba kale kusintha kaloseredwe ka nyengo padziko lonse. Koma phindu lake silidzafika pa Swang'oma lokha ngati mvula. Lidzafika ngati dziko lino lichita mbali yake, ndipo mbali imeneyo ndi yotheka ngakhale kwa dziko losauka.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kuyamba ndi mmene makinawa amagwirira ntchito. Munthu mmodzi wamphamvu akhoza kulima munda waukulu, koma amatha mzere umodzi kaye asadayambe wina. Akaitana dima, anthu makumi atatu amagawana mizere n'kumaliza mundawo dzuwa lisadapendeke. Kompyuta ya masiku onse ili ngati mlimi wamphamvu uja: ili ndi tiubongo towerengeka timene timachita masamu mwaliwiro, kuwatsatanitsa. Makina a AI ali ngati dima. M'kachipangizo kamodzi muli tiubongo zikwizikwi, kalikonse kofooka pakokha, koma tonse timawerengera nthawi imodzi. Akale adanena kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Kulosera za nyengo ndi ntchito yofuna dima yotereyi. Akatswiri amagawa mlengalenga wa dziko lonse m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse amawerengera kutentha, chinyezi ndi mphepo, kenako n'kuona mmene kabokosi kamodzi kakukankhira kanzake. Katswiri wa ku England, Lewis Fry Richardson, adayesa kuchita masamuwa pamanja. Zidamutengera milungu pafupifupi isanu ndi umodzi kuti alosere za maola asanu ndi limodzi okha, ndipo yankho lake lidali lolakwika. Mu 1922 iye adalemba kuti pangafunike anthu 64,000 okhala m'chinyumba chimodzi, aliyense ndi kachigawo kake ka dziko, kuti masamu athe nyengoyo isadafike. Maganizo akewo ndiwo akugwira ntchito lero, kungoti m'malo mwa anthu muli tiubongo ta magetsi.

Mu 1950 kompyuta ya ENIAC ku America idalosera za tsiku limodzi, koma idatha pafupifupi tsiku lathunthu ikuwerengera. Kuchokera pamenepo maiko olemera akhala akumanga zimakompyuta zodzaza nyumba zongochitira ntchito imeneyi. Bungwe la maiko a ku Ulaya loona za nyengo la ECMWF, lomwe likulu lake lili ku Reading ku England, lili ndi chimakina chotere mumzinda wa Bologna ku Italy. Dziko ngati Malawi silikadakwanitsa kugula kapena kuyendetsa makina a msinkhu umenewo, choncho lakhala likudalira kwambiri zimene ena awerengera.

Kusintha kudachokera kumene anthu sankayembekezera, kumasewero a pakompyuta. Kampani ya Nvidia, yomwe idakhazikitsidwa mu 1993 ku America, inkapanga tizipangizo totchedwa GPU tojambulira zithunzi za masewerowa. Kujambula chithunzi n'kuwerengera timadontho tambirimbiri nthawi imodzi, choncho GPU idabadwa ili dima kale. Mu 2012 ophunzira awiri a payunivesite ya Toronto ku Canada, Alex Krizhevsky ndi Ilya Sutskever, pamodzi ndi mphunzitsi wawo Geoffrey Hinton, adagwiritsa ntchito ma GPU awiri okha pophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu pazithunzi, ndipo idaposa ena onse pampikisano wa chaka chimenecho. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna AI adayamba kusaka ma GPU. Hinton adalandira mphoto ya Nobel mu 2024.

Tizipangizoti takula modabwitsa. GPU ya H100, imene Nvidia idatulutsa mu 2022, ili ndi timaswitchi 80 biliyoni pakamalo kosaposa chikhatho cha mwana. Ya Blackwell, yomwe idalengezedwa mu 2024, ili ndi timaswitchi 208 biliyoni. Google idalengeza zake zotchedwa TPU mu 2016. Kampani ina, Cerebras, mu 2024 idatulutsa chipangizo chimodzi chachikulu ngati mbale yodyera chokhala ndi tiubongo 900,000. Ndipo eni ndalama sagula chimodzi. Mu 2024 kampani ya xAI idalumikiza ma H100 okwana 100,000 m'chinyumba chimodzi mumzinda wa Memphis ku America.

Amisiri opanga makina a m'tsogolo akulimbana ndi mavuto awiri. Loyamba wodziwa dima aliyense amalidziwa: olima akachuluka, ntchito imachedwa chifukwa cha odikira makasu ndi madzi akumwa. M'makinamu nthawi ndi magetsi ambiri zimathera pa kunyamula manambala kuchokera kumene asungidwa kupita kumene akuwerengeredwa. N'chifukwa chake amisiri akusanjikiza nkhokwe za manambala pafupi penipeni ndi tiubongo, ndipo ena akuyesa kutumiza manambalawo ndi kuwala m'malo mwa mawaya a kopa. Vuto lachiwiri ndi njala ya magetsi. Ubongo wa munthu umagwira ntchito ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 20, ngati babu limodzi, pamene H100 imodzi imadya mawati 700. Ena akuyesa kupanga tizipangizo totsanzira ubongo, monga Loihi wa kampani ya Intel amene adaonetsedwa mu 2017, koma ntchito imeneyi idakali ya kafukufuku.

Nkhani ya magetsi ndi imene ikuonetsa poyera pamene Malawi ali. Ma GPU 100,000 aja, aliyense akamadya mawati 700, amafuna mamegawati 70, osawerengera magetsi oziziritsira chinyumbacho. Siteshoni ya Kapichira pa Shire imapanga mamegawati pafupifupi 130. Ndiye kuti chinyumba chimodzi cha kampani imodzi chikhoza kumeza magetsi oposa theka la Kapichira. Amalawi akukumbukira mdima umene udalipo namondwe wa Ana ataononga siteshoniyi mu January 2022, mpaka idadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba zosakwana 12 mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi a Escom. Bungwe loona za mphamvu padziko lonse la IEA lidati mu 2024 nyumba zosungira makompyuta zidadya magawo 1.5 mwa 100 a magetsi onse a padziko, ndipo likuyembekezera kuti pofika 2030 zidzakhala zikudya oposa kuwirikiza kawiri.

Mtengo nawo si wamasewera. H100 imodzi inkagulidwa madola oposa 25,000 a ku America, ndipo zambiri mwa zipangizo zapamwambazi zimapangidwa ndi kampani imodzi, TSMC ya ku Taiwan, pogwiritsa ntchito makina a kampani inanso imodzi, ASML ya ku Netherlands. Kuyambira mu October 2022 boma la America lidayamba kuika malire pa zipangizo zoterezi zopita ku China. Dziko limene limavutika kupeza ndalama zakunja zogulira feteleza, mafuta ndi mankhwala silingalowe mpikisano umenewu. Ndipo wandale aliyense amene angadzaime pansanja n'kulonjeza chimakompyuta chopikisana ndi cha Memphis adzakhala akusewera ndi misonkho ya anthu.

Komabe pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikupereka chiyembekezo. Ntchito ya AI ili pawiri: kuphunzitsa makina, ndi kugwiritsa ntchito makina ophunzira kale. Kuphunzitsa ndiko kumafuna dima yaikulu. Kugwiritsa ntchito n'kopepuka, monga mmene sing'anga amathera zaka zambiri pasukulu koma n'kumayeza wodwala m'mphindi zochepa. Mu November 2023 akatswiri a Google DeepMind adaonetsa pulogalamu yotchedwa GraphCast. Adaiphunzitsa ndi mbiri ya nyengo ya zaka 39, pa ma TPU 32, kwa milungu pafupifupi inayi. Itaphunzira, inkalosera za masiku khumi a dziko lonse pasadathe mphindi imodzi pa TPU imodzi yokha, ntchito imene zimakompyuta zodzaza nyumba zimachita kwa nthawi yaitali, ndipo pa zoyesa zambiri idalondola kuposa njira yakale.

Mu February 2025 bungwe la ECMWF lidayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yake ya AI yotchedwa AIFS pa ulosi wa tsiku ndi tsiku, ndipo lidati imadya magetsi ochepera pafupifupi ka 1,000 poyerekeza ndi njira yakale. Chaka chomwecho bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO lidalengeza kuti Malawi ndi dziko loyeserako njira yatsopanoyi, pamene nthambi ya boma yoona za nyengo ikugwira ntchito ndi akatswiri a ku Norway pa pulogalamu yotchedwa Bris, imene ingathe kuyendetsedwa pamakina aang'ono muno momwemo. Koyamba m'mbiri, ulosi wa msinkhu umene udali wa maiko olemera okha ukutheka kuwerengeredwa mu ofesi ya ku Blantyre.

Kuti zoterezi zikhoza kufika kwa mlimi wamba zidaoneka ku India. Mu 2025 unduna wa zaulimi wa dzikolo udatumiza mauthenga a pafoni kwa alimi pafupifupi 38 miliyoni owauza nthawi imene mvula yobzalira ikuyembekezeka kuyamba m'dera lawo, ndipo ulosiwo udachokera m'mapulogalamu a AI. Mlimi wa mpunga wa m'mbali mwa Chilwa, amene chaka ndi chaka amaika mbewu yake pachiswe pobzala ndi mvula yoyamba yonyenga, angapindule ndi uthenga wotere chimodzimodzi.

Koma pamene pali chiyembekezo m'pamenenso pafunika kusamala. Makinawa amadziwa zokhazo zimene adaphunzitsidwa. GraphCast imaona dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 28 mbali iliyonse. Phiri lonse la Michesi likhoza kulowa m'kabokosi kamodzi, pamene aliyense wa ku Phalombe amadziwa kuti mvula ya kuseri kwa phiri imasiyana ndi ya kuchigwa. Akatswiri amavomerezanso kuti mapulogalamuwa amakonda kuchepetsa ukali wa zinthu zimene sizidachitikepo kawirikawiri, ndipo mvula ngati ya ku Nkhulambe ili m'gulu limeneli. Makina angathe kulondola njira imene namondwe adzere, koma osadziwa mtsinje umene udzasefukire usiku wake.

Kuphwa kwa nyanja nakonso si nkhani ya masiku khumi. Kumabwera pang'onopang'ono, malinga ndi mvula ya zaka zingapo, madzi amene mitsinje ikubweretsa, amene akupatutsidwira m'minda ya mpunga, ndi dothi limene likutsika m'mapiri opanda mitengo. Kuti makina aphunzire khalidwe la Chilwa, pafunika kaundula wa zaka zambiri wa zinthu zimenezi. Poyambira palipo. Akatswiri a Chancellor College adafufuza za nyanjayi kuyambira mu 1966 mpaka mu 1976, ndipo adaona ndi maso kuphwa kwa 1968 ndi kubwerera kwa nsomba. Kuyambira mu 2010 padalinso ntchito ya zaka zingapo yothandiza anthu a m'chigwachi pa za kusintha kwa nyengo, yotsogozedwa ndi bungwe la LEAD ku Zomba ndi thandizo la dziko la Norway. Zimene zidalembedwa nthawi zimenezo ndi chuma, ndipo siziyenera kudyedwa ndi chiswe m'makabati.

Apa ndiye pagona nkhani. Palibe GPU, ngakhale ya timaswitchi mabiliyoni angati, imene ingadziwe kuya kwa madzi pa Mpoto ngati palibe munthu amene adapita kukawerenga pandodo yoyezera n'kulemba m'buku. Bungwe la WMO lakhala likunena kuti Africa ili ndi malo oyezera nyengo ochepera kasanu ndi katatu pa mlingo wofunika. Kumene kulibe zoyeza, makina amangopenekera, ndipo amapenekera molimba mtima ngati akudziwa. M'zaka zapitazi ntchito ya M-CLIMES, imene idayamba mu 2017, idaika makina oyezera nyengo ndi madzi m'madera angapo. Koma Amalawi aona kambirimbiri mmene zinthu za pulojekiti zimathera: opereka thandizo akachoka, batire ikafa palibe woigula, ndipo sola ikabedwa palibe woibwezera.

N'zoona kuti masetilaiti amathandiza. Zithunzi za Landsat, zomwe zidayamba kujambulidwa mu 1972, zakhala zaulere kuyambira mu 2008, ndipo masetilaiti a Sentinel a ku Ulaya amajambula chigwa cha Chilwa pakapita masiku ochepa alionse. Ndi zithunzi zimenezi wophunzira wa ku Zomba kapena ku Thyolo angathe kuona mmene nyanjayi yakhala ikufutukukira ndi kufota kwa zaka makumi asanu. Koma setilaiti imaona pamwamba. M'madambo a njedza, mmene asodzi amamanga zimbowera, siingadziwe bwino ngati pansi pali madzi ofika m'chiuno kapena matope okhaokha. Diso la kumwamba limafuna mboni ya pansi.

Choncho choyamba chimene boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ayenera kuchita ndi chosaoneka bwino pa chithunzi cha munyuzipepala: kuika mu bajeti, chaka ndi chaka, ndalama zosamalira zoyezera mvula, ndodo zoyezera madzi m'mitsinje yonse yolowa m'Chilwa, ndi kangachepe ka anthu oziwerenga. Ndalama yogulira GPU imodzi yapamwamba ingathe kuika choyezera mvula wamba pasukulu zambirimbiri za m'chigwachi. Nthambi yoona za nyengo, bungwe loyang'anira madzi la NWRA, nthambi ya zausodzi ndi ya DoDMA zisamasunge manambala awo aliyense m'kabati mwake. Zolembedwa zakale zilowetsedwe m'kompyuta zisadathe kufufutika, ndipo zikhale za dziko lino, kuti makampani akunja akamazifuna azipempha pa mfundo zomveka.

Chachiwiri ndi anthu. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo idatsegula malo ophunzirira za AI mu 2023, ku MUBAS ku Blantyre kuli achinyamata amene akuchita kafukufuku wa mtundu womwewu, ndipo sukulu ya madroni imene UNICEF idathandiza kutsegula mu 2020 yaphunzitsa ambiri kujambula ndi kusanthula mapu. Achinyamata amenewa sakufuna chinyumba cha mamegawati 70. Akufuna makina ochepa a ma GPU angapo, magetsi osazimazima a sola ndi mabatire, intaneti yotsika mtengo, ndi ntchito yowalipira kuti asathawire ku Johannesburg kapena ku London. Nyumba yosungira makompyuta a boma imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 2022 ingakhale poyambira pabwino. Makina opanda munthu wodziwa kuwatsutsa akalakwa ndi oopsa kuposa kusowa makina.

Chachitatu, pa ntchito zazikulu zofuna dima yeniyeni, njira ndi kubwereka ndi kugawana. South Africa idatsegula chimakompyuta chake cha Lengau ku Cape Town mu 2016. Mu 2025 kampani ya Cassava Technologies, ya mkulu wa bizinesi wa ku Zimbabwe Strive Masiyiwa, idalengeza kuti iika ma GPU a Nvidia zikwi zingapo ku South Africa, kenako m'maiko ena a mu Africa, oti anthu azilipira nthawi imene awagwiritsa ntchito. Bungwe la SADC lili kale ndi ofesi ya zanyengo ku Gaborone. Namondwe amene amafika ku Phalombe amakhala atadutsa ku Mozambique, ndipo madzi ena a m'Chilwa amachokera komweko. Palibe chifukwa choti dziko lililonse lizisenza lokha denga limene likufunda onse.

Chachinayi ndi uthenga. Ulosi wolondola umene wathera pa tsamba la intaneti m'Chingerezi ndi chimodzimodzi ulosi umene sudachitike. Msodzi amene wakhala miyezi itatu pachimbowera pakati pa nyanja amamva za kumtunda pawailesi kapena pafoni ya mabatani. Uthenga umufike m'Chichewa, m'Chilomwe kapena m'Chiyao, kudzera pa MBC, Zodiak, Mzati, Chanco ndi mawailesi ena, kudzera kwa mafumu, makomiti a pagombe, mipingo ndi mizikiti. Ndipo unene zomveka. Mawu akuti kugwa mvula ya mamilimita 200 sauza mayi wa ana anayi chochita, koma akuti mtsinje wa Phalombe ukhoza kusefukira Lachiwiri usiku, samukirani kusukulu yakuti, amamuuza. Pulogalamu ya Ulangizi, imene bungwe la Opportunity International lidayambitsa mu 2024 kuti iziyankha mafunso a alimi m'Chichewa pa WhatsApp, yaonetsa kuti AI ikhoza kuyankhula chiyankhulo cha kuno, ngakhale kuti imafika kwa okhawo amene ali pafupi ndi foni yamakono.

Chachisanu ndi chimene Freddy adaphunzitsa mowawa. Nthambi yoona za nyengo idachenjeza namondweyu asadafike, koma anthu ambiri adafabe. Ena sadamve, ena adamva koma sadakhulupirire, ndipo ena adakhulupirira koma adalibe kothawira. Chenjezo limapulumutsa ngati pali malo okwera odziwika, msewu wofikira kumeneko, ndi chitsimikizo chakuti mbuzi ndi chimanga zosiyidwa sizibedwa. Chimodzimodzi ndi kuphwa kwa nyanja: kumuuza msodzi mu June kuti madzi akhoza kutha pofika November kuli ndi phindu ngati mabungwe obwereketsa ndalama nawo amva, ndipo ngati pali china choti agwire m'malo mwa ukonde. Mu 2022 bungwe la United Nations lidalonjeza kuti pofika 2027 munthu aliyense padziko adzakhale wofikiridwa ndi chenjezo la ngozi. Lonjezo limeneli lidzayesedwa m'malo ngati Nambazo ndi pachilumba cha Chisi.

Pali ena amene anganene kuti dziko limene mu March 2024 lidalengeza za ngozi ya njala m'maboma 23 mwa 28 lisataye nthawi ndi nkhani za makompyuta, liyambe lakhutitsa anthu. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo ndi chifukwa chake kugula zimakina zodzionetsera kungakhale kulakwa. Koma njala ya chaka chimenecho idabwera ndi nyengo, ndipo El Niño amene adaibweretsa adalengezedwa miyezi ingapo mvula isadayambe. Banja limene limva msanga ndi kukhulupirira likhoza kubzala mbewu yocha msanga, kusunga chimanga m'malo mochigulitsa motchipa, kapena kuzengereza kutenga ngongole. Kudziwiratu ndi mbali ya nkhondo yolimbana ndi njala, ndipo ndi mbali yotsika mtengo kuposa kugawa ufa madzi atafika kale m'khosi.

Mabanja a m'matauni ang'onoang'ono ozungulira Chilwa nawo ali ndi gawo lawo. Sola imene yazulidwa pamakina oyezera nyengo imakathera padenga la munthu wa m'mudzi momwemo, ndipo anzake amadziwa. Mafumu ndi makomiti a chitetezo aziona zipangizozi ngati mjigo wa mudzi, chifukwa wakuba sola wabanso chenjezo la anthu onse. Aphunzitsi angapatse ana a sitandade 7 ntchito yowerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse, ndipo mwana wotere akuphunzira masamu omwe aja a Richardson. Makolo amene mwana wawo, wamkazi kapena wamwamuna, amakonda masamu amulimbikitse, pakuti ntchito za m'tsogolomu zidzafuna anthu otere. Ndipo anthu akamva ulosi n'kuona kuti sudakwaniritsidwe, asangonyoza, koma akauze alangizi a zaulimi, popeza makina amaphunzira pokonzedwa.

Makina a AI apitirira kukula, ndipo amene akupangidwa lero adzaoneka achikale pakatha zaka zisanu. Mpikisano umenewo uchitikira ku California, ku Taiwan ndi ku China, ndipo Malawi alibe mawu pa liwiro lake. Chimene Malawi ali nacho mawu ndi chakuti makinawo akadzafunsidwa za Chilwa adzapeze choti awerenge, munthu wa kuno woti aunike yankho lawo, ndi njira yofikitsira yankholo kwa mayi wa pathandala la matemba nthawi idakalipo. Nyanjayi idzaphwanso ndipo idzadzazanso, monga yakhala ikuchitira kuyambira kale David Livingstone asadaione mu 1859. Aphungu a ku Phalombe, Zomba ndi Machinga akamakambirana bajeti ikubwerayi, afunse kuti ndi ndodo zingati zoyezera madzi zimene zikugwira ntchito m'mitsinje ya m'madera awo, ndipo ndani adaziwerenga dzulo.